Foni ya M'chitini ndi Beseni la pa Idi

Chaka chimene Asiyatu analephera Fomu 4, komboni yonse ku Ruda inamva iye asanafike n'komwe pakhomo. Sayansi ndiye anagwa nayo chagada. Basi anayamba kuthyola tiyi ndi amayi ake, dengu kumsana.

Mwayi wochoka m'tiyimo unali umodzi. A Norbert, omwe amamanga madishi a TV ku Hauna, ankafuna mtsikana wa mushopu ndipo anati amuimbira foni.

Koma mvula ya kwathu kuno kuchigwa cha Honde mukuidziwa. Othyola tiyi amakulunga mafoni m'mapulasitiki. Asiyatu, pofuna kusamala kuposa onse, anaika yake m'chitini cha mabisiketi n'kutseka. A Norbert anaimba mpaka kutopa, foni osalowa. Ntchito anapatsa mtsikana wina, Tsungai.

Kumpopi nkhani inali yomweyo. "Wasukulu uja waika foni m'manda ili yamoyo," azimayi ankatero.

"Za anzako zimalira m'munda momwemo," anatero amayi ake. "Yako yokha yatani?"

Asiyatu analira, koma funsolo linamukakamira. Anakwera kumunda kukayesa. Akatseka chitini, anzake akamuimbira siilowa. Akatsegula, ikulira. M'pulasitiki, bwinobwino.

Tsiku lina akusintha mabatire m'tochi ya bambo ake, a Salehe, anaona kambale konyezimira kuseri kwa babu. Apo anakumbukira zimene aphunzitsi ankanena iye akuodzera: kuwala kumayenda ngati mafunde, ndipo za wailesi ndi za foni ndi mafunde a mtundu womwewo, kungoti maso sawaona. Chitsulo chimawabweza ngati kalilole. Ndiye ngati chitini chotseka chimawakaniza kulowa, beseni lotsegula silingawasonkhanitse pamodzi?

Kwawo ndi kumunsi kwa komboni, kumene munthu akafuna kuimba foni amayamba wakwera chitunda. Anatenga beseni la amayi ake lopakulira mpunga pa Idi, n'kuliboola, n'kulimangirira pamtengo wa bulugamu, foni ikulendewera kutsogolo kwake.

"Iwe mwana, alendo adzadyera m'chitini chako chija?" amayi anakalipa.

Poyamba sizinatheke. Mphepo inagwetsa beseni, linapindika, analiwongola ndi mwala. Mvula inamunyowetsa. Kumpopi anayamba kumutchula Sisi Beseni. Iye akaweruka kumunda ankangolitembenuza pang'onopang'ono kulozetsa kuphiri komwe kuli nsanja ya netiweki, n'kumasendeza foni kutsogolo ndi kumbuyo.

Lachisanu lina, bambo ake akuchokera ku mzikiti, kamzere kamodzi ka netiweki kanaoneka pafoni ya Asiyatu. Kenako kachiwiri. Anaimbira a Norbert.

"Ukuimba uli kuti, mwanangu?"

"Pakhomo pathu, kumunsi kwa komboni."

"Usandinamize. Kumeneko kulibe netiweki."

"Bwerani mudzaone, baba."

A Norbert anabwera pa kombi, minibasi yakuno. Anazungulira mtengo uja, kuyang'ana beseni, kuyang'ana Asiyatu.

"Mushopu muli kale munthu," anatero. "Koma makwerero suwaopa?"

Lero Asiyatu ndi amene amakwera pamadenga kulozetsa madishi, Tsungai akumugwirira makwerero. Beseni likadali pamtengo paja. Kuipa kwake, foni uyenera kuisiya ikulendewera n'kuika pa sipika, ndiye azimayi a kumpopi aja akamadzaimbira pamenepo, nkhani zawo zonse timazimva. Ine sindidandaula.

Inu amene mwalephera mayeso, kapena mwayi wakudutsani chifukwa cha kulakwitsa kwanu komwe, musathawe chimene chakugwetsanicho. Chitseguleni muone mkati mwake, ngati mmene Asiyatu anachitira ndi chitini chija. Osataya mtima.