Wowotchelela Amene Sagwila Moto

"Ngolo yanga igwilidwe ndi mzimayi? A Zimba, mukuseka eti?" anatelo Mapopa, dzanja lili pa ekiselo yothyoka, chitsulo chogwila mawilo. Fodya wake anali kale m'mabelo ku Kapichila, ndipo lole ya ogula imabwela m'mawa mwake.

"Monile kaye, adada," anayankha Haswell Zimba osadzuka pampando. Pakati pa iye ndi makina owotchelela panali mzele wa penti yoyela, mapazi asanu kuchoka pomwe moto umayakila.

Haswell anabadwa ndi mtima woboola. Ali mwana ankada milomo, akathamanga pang'ono n'kunjuta pansi. Mpingo unamutumiza kunja kukasokedwa mtimawo, anachila, n'kukula kukhala wowotchelela amene Mwase Lundazi yonse inkamudalila. Koma chipsela cha opaleshoni chija chinayamba kusokoneza kagundidwe ka mtima, mpaka tsiku lina anagwa pamsika. Madokotala anamuika kamakina pansi pa khungu, kumunsi kwa phewa lamanzele, kakang'ono ngati bokosi la machesi. Mtima ukapenga, kameneka kamaumenya ndi magetsi kuti ubwelele m'njila. Vuto n'lakuti magetsi a wowotchelela amatha kukanamiza, n'kumenya munthu wabwinobwino. Haswell anayesa kuwotchelela kamodzi. Amati zinali ngati ng'ombe yamuponda pachifuwa.

Kumaiko ena munthu wotele amapatsidwa kalata n'kukapuma. Kuno ukapuma, wapuma ndi ana ako omwe. Choncho anapenta mzele, n'kuphunzitsa mkazi wake Linah, NyaMtonga.

"Mphindi ziwili chabe, gwilani nokha," anachondelela Mapopa. "Apo ayi ndipita ku boma."

Haswell anadziwa kuti Mapopa akachoka, pakamwa pake patseka malo ano. Anaimilila, nafika pamzele, zala zikuyabwa. Kenaka anagwila dzanja la Mapopa n'kuliika pachifuwa pake.

"Mwakamva? Kapolisi kanga aka sikadya ziphuphu. Khalani pansi muone."

Linah anatsitsa chigoba chowotchelela kumaso. Moto unalila. Haswell anatembenukila kumbali, natsinzina, khutu lili kuntchito.

"Mwakweza lodi yowotchelela, NyaMtonga. Tsitsani. Ehe, pamenepo, izimveka ngati mazila m'mafuta."

"Ndamva kale, bwana injiniya," anayankha mkaziyo m'chigobamo. "Inu samalani mzele wanu."

Atamaliza, Linah anagogoda makoko a pamsoko n'kupatsa Mapopa hamala yaikulu. "Menyani, adada. Musachite manyazi, si mkazi wanu."

Mapopa anamenya katatu, kachinayi ndi mkwiyo. Chitsulo chinangolila, osagwedela. Anawelama, nayendetsa chala pamsokopo, wosalala ngati wa telala.

"Yewo, amama," anathokoza motsitsa mawu. Atamanga ng'ombe anafunsanso ngati pulawo amakonzanso.

"Funsani mwini moto," anatelo Haswell.

Linah atavula magolovesi, Haswell anaona timabala tatsopano m'mikono mwake. Magolovesiwo anali ake a Haswell, aakulu ngati mafosholo, ndipo nthethe zamoto zinkalowela m'mbali. Chaka chathunthu mkaziyo sanadandaulepo.

Lachisanu Haswell anakwela minibasi kupita ku chipatala cha ku boma kukapimitsa magazi. Potuluka analowa m'sitolo ya zitsulo, nauza wogulitsa kuti atulutse magolovesi onse. Anawayeza limodzilimodzi padzanja lake, kufuna omwe sangamulowe. Atawapeza anawakulunga m'nyuzipepala, nawafumbata pamiyendo njila yonse yobwelela kwawo.