Fulashi yoyamba mumange kunsonga ya chitenje

"Kodi achemwali, chilaputopu chanu chija munachimwetsa mankhwala anji? Si chomwe chija chinkayaka mawa mukachiyatsa lero?"

Anandifunsa choncho mayi oyandikana nawo nyumba atandipeza pakhonde ndikulemba khadi la ukwati, mwana ali kumsana. Anali atanyamula laputopu ya mwana wawo wamkazi wa kusekondale, ataikulunga m'chitenje ngati khanda lodwala. Ndinawauza kuti ndiikonza, koma ayambe abwera ndi mafulashi awiri.

"Awiri a chiyani? Inuyo munagwiritsa angati?"

"Imodzi," ndinatero. "Ndipo m'menemo ndi momwe munali mawu a malemu bambo anga."

Laputopu yangayo anaitumiza bambo a mwana wangayu kuchokera ku Joni, yakale, batire itafa kale. Ine sukulu ndinalekera Sitandade 8, koma kuwerenga ndimatha, ndipo chinthu ndikachiona kawiri manja anga amachigwira. Ndinayamba kulemba makadi a maukwati ndi a zinkhoswe. Kuno ku Mangochi ntchito imeneyi siisowa, makamaka Ramadhani ikatha. Ndikalemba ndinkaika mu fulashi, n'kukwera kabaza kukapulintitsa kuboma. Fulashi inali imodzi pakhomo ponse, yofiira, yomangidwa kachingwe.

Vuto linali kuchedwa. Ndinkati ndikaiyatsa, ndipite kukachapa matewera, ndiyanike, pobwera ikadali kuganiza, uku ikulira ngati injini ya boti. Magetsi akangothima, zonse zinkayambiranso pachiyambi.

Mayi wina wa pamalo opulintira ndi amene ananditsegula maso. Anati, "Makina anuwa si odwala, asisi. Ndi okalamba, ndiye mwawasenzetsa matumba atatu a chimanga." Anandifotokozera kuti chimene chimayendetsa kompyuta yonse amati sisitimu, ndipo ilipo ina yopepuka, yaulere, yopanda zokongoletsa. Imabwera ndi zofunika zokha, zina munthu umaonjezera wekha zimene ukufuna. Anandilembera dzina lake papepala. Ndinagula bandulo, ndinaikoka pa intaneti masiku awiri, ndipo kanema wophunzitsa kaikidwe kake ndinamuonera kanayi, ndikuimitsaimitsa pomwe Chingerezi chathamanga.

Mu laputopumo munali chinthu chimodzi chimene sindinkafuna chiyandikire ngozi. Tsiku lomwe mwanayu anabadwa, bambo ake ali kutali, amene anamuitanira azana kukhutu anali bambo anga. Kwathu mawu oyamba amene khanda limamva ndi omwe aja oitanira anthu kuswala. Anabwera kuchokera ku Katuli panjinga yamoto, fumbi mpaka m'ndevu. Anasamba m'manja ndi kumaso, anamunyamula, n'kuyamba motsitsa. Ine ndinajambula pafoni ndili chigonere. Pomaliza anaseka n'kunena m'Chiyao kuti mwanayu watenga makutu awo. Kanemayo anakana kupita ku Joni chifukwa cha kukula, ndiye ndinati bambo ake adzaonera akadzabwera. Foni itadzaza ndinamusamutsira mu laputopu pamodzi ndi zithunzi. Bambo anga anamwalira mwana asanayambe kukwawa.

Kanema wophunzitsa uja ananena momveka kuti sisitimu yatsopano ikamalowa imasesa m'nyumba monse, choncho munthu ayambe watulutsa katundu wake. Ndinamvera. Ndinakopera zithunzi zonse ndi kanema wa bambo mu fulashi yofiira ija, ndinatsegula kuti ndione ngati zalowadi, ndinamvetseranso azana ija mpaka kumapeto. Kenako panafunika kulemba sisitimu mu fulashi kuti laputopu iyambire m'menemo. Ndinatenga fulashi yomweyo. Ine ndinkaiona ngati dengu la kumsika: usipa pansi, tomato pamwamba, malo akadalipo. Chenjezo linatuluka lakuti zonse zifufutidwa. Ndinaliwerenga ndithu, koma mtima wanga unali pa laputopu, ndipo ndinati katundu ndatulutsa kale. Unali m'mawa, magetsi anali atangobwera, ndinkafuna kumaliza asanathimenso. Ndinadina.

Zotsalazo zinayenda ngati ndinabadwa ndikuzichita. Ndinasankha chiyankhulo, ndinasankha nthawi ya kuno, ndinavomera kuti isese diski yonse. Mwana asanadzuke tulo take ta m'mawa, laputopu inali itayaka, sikirini yoyera, zinthu zinayi zokha pansi. Phokoso lija linatha. Ndinaonjezera ndekha cholembera makadi ndi choonera makanema. Ndinaima pakhomo ndikufuna wina adutse kuti ndimuuze.

Kenako ndinalowetsa fulashi kuti ndibweze katundu wanga. Munali mafayilo a mayina achilendo okhaokha. Ndinaitulutsa, ndinaipukuta ndi chitenje, ndinailowetsa pabowo lina. Chimodzimodzi. Mwana anadzuka, ndinamuyamwitsa ndikuyang'ana sikirini yoyera ija, ndipo m'pamene ndinamvetsa zimene ndinachita: ndinatulutsa katundu m'nyumba n'kukamuunjika pamalo pomwe ndinkati ndiyatsepo moto.

Mayi wa kopulintira uja anayesetsa masiku atatu. Anavuula zithunzi zina, zina zinatuluka theka, nkhope itaduka. Zina ananditumizira bambo a mwanayu, zomwe ndinkawatumizira kale pafoni. Kanema sanapezeke. Nditawauza bambo a mwanayu, anangofunsa kuti, "Nanga mawu ake ankamveka bwino?" Ndinati ankamveka.

Anthu ena anati ndikanapereka kwa odziwa. Ine sindivomereza. Ntchito ndinaigwira bwino, ndipo laputopu ikuyendabe mpaka lero, khadi ndimamaliza madzi a tiyi asanawire. Ndinalakwitsa pamalo amodzi, ndipo malowo ndikuwadziwa kuposa aliyense.

Atandifunsa pakhonde paja, mawa lake mayi oyandikana nawo aja anabwera ndi mafulashi awiri, ina yobwereka kwa alamu awo. Ndinakopera zonse za mwana wawo mu yoyamba, manotsi ndi zithunzi, tinatsegula limodzi n'kuona kuti zalowa. Ndinaitulutsa n'kuwapatsa.

"Mumange kunsonga ya chitenje, ndipo mukhale uko, pampando uwo."

"Mukundiyesa mwana ine?"

"Ayi amayi, ndikudziyesa ndekha. Ngakhale ndikupempheni ndikulira, musandipatse mpaka ndinene kuti yayaka."

Anaseka, koma anamanga mfundo ziwiri. Chenjezo lija litatuluka ndinawawerengera mokweza, ndinawaonetsa kuti fulashi yachiwiriyo inali yopanda kanthu, kenako ndinadina. Laputopu yawo itayaka anamasula mfundo, tinabweza zonse, ndipo palibe chimene chinasowa. Akukulunga makina awo anandifunsa kuti kwenikweni ine ndinataya chiyani.

Zithunzi zinalipo zoposa mazana awiri, ndipo zinabwerera makumi anayi ndi zitatu. Makadi akale onse anapita, koma amenewo ndinalembanso. Zithunzi za mwana ali ndi agogo ake zinali zisanu, chatsala chimodzi, chimene bambo anga akuoneka kumsana kokha. Kanema anali mmodzi, wa mphindi ziwiri, ndipo bambo a mwanayu sanamuoneko.