Bafa la Matailosi ku Chongoni

Mayi Bernadetta a ku Chongoni sadabadwe mmisiri ayi. Ntchito yawo kuyambira utsikana ndi mbatata ya kachewere ndi kabichi: kulima kudimba, kusenza, kukaima pa Chimbiya n'kumathamangira minibasi iliyonse beseni lili m'manja. Sukulu adalekezera sitandade sikisi. Koma mukafika kwawo lero mupeza bafa la matailosi m'kati mwa nyumba, ndipo adamata matailosiwo ndi iwo omwe, ndi manja awo okhakhala aja. Woseka aseke, koma ayambe wamva chimene chidawatuma.

Amuna awo, a Damiano, adali ocheka matabwa ku Phiri la Dedza, bambo wosenza thabwa la paini ngati nzimbe. Tsiku lina adangogwa ali pantchito. Kuchipatala adati ndi sitiroko. Adabwerako mkono ndi mwendo wakumanja zitafooka, pakamwa patapotoka, mawu akutuluka movutikira. Bafa lawo lidali la udzu, kuseri kwa khola, ndipo kuti akafike kumeneko a Bernadetta ankachita kuwakoka m'mphepo ya ku Dedza ija yolowa mpaka m'mafupa. M'mawa wina onse awiri adaterereka pamwala wosambirapo n'kugwera m'matope.

Nkhaniyo sidachedwe kufika kwa a Kristina, alongo awo a Damiano. Paja a Damiano ndi mkamwini, pamudzipo adachita kudzakwatira, kwawo ndi kutsidya kwa msewu. A Kristina adabwera, mkeka adaukana, adalankhula chiimire.

"Alamu, munthuyu ali ndi kwawo. Thukuta lake mudadya, tsopano mukumugwetsa m'matope. Ikangoyamba mphepo ya Juni tibwera ndi galimoto kudzamutenga."

Taonani zake! Zaka zonsezi a Kristina sadabwereko ngakhale ndi kambale ka ufa, lero ndiwo akudziwa kusamala mlongo wawo. Pamaso pa wodwala sukangana ndi mlamu, koma a Bernadetta mtima udachita kuwira. Amadziwa kuti mkamwini akatengedwa akudwala, mkazi amadzangoitanidwa pamaliro. A Damiano adangozolika, mkazi wawo n'kuwapukuta kukamwa ndi nsonga ya chitenje.

Pafupi ndi chipinda chogona padali kachipinda kosungiramo mbewu ya mbatata. A Bernadetta adati bafa likhala mmenemo. Adapita kwa a Yeremiya, mmisiri wa pamudzipo, koma iwo adaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Shawa kumudzi kuno? Mayi, nkhani za simenti ndimakamba ndi abambo. Awuzeni amuna anu abwere."

Amuna ati? Omwe aja osatha kuitanitsa ngakhale madzi akumwa? A Yeremiya ankadziwa bwinobwino, mwano basi. A Bernadetta adamanga chitenje mwamphamvu, nakwera minibasi ya ku boma. Kumeneko adalowa m'shopu ya zomangira ya a Habib, ndipo awa ndiwo adawatenga ngati munthu. Adawaonetsa chitini cha phula lamadzi, lakuda bii.

"Musanamate tailosi ngakhale imodzi, pakani ili pansi ndi m'makoma, liume, mupakenso. Kenako mutseke payipi, muthire madzi pansi, agone pompo. Akapanda kuchepa ndiye kuti sipakudontha. Mukadumpha zimenezi, amayi, khoma lanu lomangira dothi lija lizimwa madzi mpaka lidzagwere wodwalayo."

Mwana wawo Pilira, yemwe ali pantchito ku Lilongwe, adawatumizira mavidiyo pafoni. Chizungu chake chidali chothamanga, ndiye mayiwo ankangoyang'ana manja a anthuwo. Adaboola khoma, adalowetsa payipi, adaponda simenti. Ulendo woyamba pansi padatsetserekera kukhomo m'malo mwa kupayipi, madzi oyesera n'kukalowa pansi pa bedi. Adaswa ndi nyundo akutukwanira m'mtima, nayambiranso. Phula lija adapaka ndi burashi atagwada, fungo likuwawitsa mutu, ndipo lidawakanirira m'zala moti pa Misa ankabisa manja m'chitenje. Litauma adatseka payipi ndi chitsononkho chokulunga m'pepala la pulasitiki, adatunga madzi kumjigo mpaka khosi kuuma, adathira, nalemba ndi khala pamene madziwo adalekezera. M'mawa mwake adakweza a Damiano panjinga yamoto kupita nawo kuchipatala kukawongola ziwalo.

Tsono ku Chongoni amayi a mphakati ali ndi mwambo wawo, wabwino ndithu. Pakhomo pakakhala matenda amabwera gulu osaitanidwa, kudzasesa, kuchapa ndi kutunga madzi. Pamene pamakhala kiyi aliyense amapadziwa. Tsiku lomwelo adabwera, atatsogozedwa ndi mayi Rute, tcheya wawo. Atatsegula kachipinda kaja adagwira pakamwa.

"Kalanga ine! Mnzathuyu matenda amusokoneza. Taonani uve wake, madzi ali ndundundu, pansi bii, fungo lokhalokha!"

Adazula chitsononkho chija, madzi onse khuthu. Adatenga mchenga, miyala yotsukira mapazi, sitiliwulo, wina mpaka khasu. Adapala phulalo akuyimba nyimbo za Mayi Maria, ndipo sadaleke mpaka simenti itaonekera mbee.

A Bernadetta pofika adapeza amayiwo atakhala pakhonde, akupuma. Mayi Rute adawagwira dzanja n'kuwatsogolera m'nyumba monyadira.

"Musathokoze, ndi ntchito ya Ambuye. Komatu zidali zokakamira, anzanu zikhadabo zatha."

Abale inu, ukalipira ndani pamenepa? Anthu matuza ali m'manja chifukwa cha iwe! A Bernadetta adayang'ana pansi paja, adayang'ana chitini chopanda kanthu chimene amayiwo adachitsukanso bwinobwino. Adati zikomo. Adawaphikira tiyi, adawaperekeza mpaka panjira. Atabwerera adazungulira kuseri kwa khola, adamenya ndowa ndi phazi mpaka kubowoka, nalira ndi ukali. Chowawa koposa, sabata lisanathe a Kristina adali atamva kale kuti m'nyumba mwa alamu awo mudapezeka chithaphwi chonunkha pafupi ndi pogona wodwala. Uthenga udabwera woti matiresi oyala m'galimoto apezeka.

Mbuzi imodzi idachoka m'khola kukagulitsidwa, chitini china chidabwera. Ulendo uno adaika loko pachitseko, kiyi n'kumanga kukorona ya m'khosi. Adapaka, adadikira, adapakanso, adathira madzi. Kutacha madziwo adali pamzere wa khala pomwe paja, osachepa ngakhale pang'ono. Apo ndiye adayamba matailosi. Timitengo ta machesi ndito tidali topatulira mipata. Podula, ambiri adasweka, zala zidatemeka, ndipo mzere wachitatu udakhota moti ngakhale mwana atha kuona. Adausiya choncho, poti kuthengo udzu udali utayamba kale kuuma, Juni ali pafupi. Pakhoma adakhomerera payipi yachitsulo yogwirira, pamwamba adapachika chigubu chokhala ndi mpopi ndi kamutu ka shawa, pansi adaika mpando wapulasitiki.

Galimoto idafika m'mawa wa chifunga, mphepo ikuchita kuluma makutu. A Damiano adali m'bafamo, chitseko chili chotseka. A Kristina adalowa m'nyumba osaodira, nakaima pakhomo pa kachipindako, maso ali pa matailosi a pachiwundo.

"Ndiye zimenezi? Zokhotakhota ngati mizere ya mlimi woledzera? Alamu, musatitayitse nthawi. Avekeni, dalaivala akudikira."

A Bernadetta adali ataima ndi ketulo ya madzi otentha m'manja. Mawu onse amene adawasunga chiyambire tsiku lija a Kristina adakana mkeka adafuna kutuluka, koma mantha adawaposa. Adaona kuti matailosi sangaletse munthu kutengedwa ndi abale ake. Akanena a Kristina kuti tiyeni, pamudzi ponse palibe amene akanaima panjira.

M'katimo madzi ankamveka akugwa, sopo adagwa pansi, mpando udakhuluka. A Bernadetta adafuna kuthamangiramo, koma adamva chitsulo chija chikugwiridwa, munthu akudzikoka yekha. Chigwereni ku phiri kuja a Damiano adali asanadzisambitsepo okha.

"Achimwene!" adaitana a Kristina. "Ndife. Tabwera kudzakutengani, tizipita kwathu."

Kenako mawu adatuluka, olemera, okokeka, koma omveka mpaka kwa dalaivala pakhonde.

"Alongo... chokani pakhomopo. Ndikusamba."

"Tikudikirani, mukatha tinyamuke."

"Ayi. Ine... ndili pakhomo panga. Mayi a Pilira, madzi achepa."

A Bernadetta misozi idali ikutsika, ndipo sadaipukute. Adakweza ketulo ija ndi manja awo akuda ndi phula.

"Pepani alamu, tapatukani ndidutse. Madziwa ndi otentha."