Mwana waulemu wa a Givemore

A Givemore Mbewe anabadwira pafamu ya fodya ku Zimbabwe, makolo awo ali ochokera ku Dedza. Mkazi wawo atamwalira, anabwera ku Joni atanyamula kamwana kakakazi, n'kupeza ntchito yosenza makatoni kudera la mafakitale la Marlboro. Chuma analibe, koma chonyadira anali nacho: mwana wawoyo, Anesu.

"Wanga ngwaulemu," ankatero kutchalitchi. "Sayang'ana wamkulu m'maso, sayankha, sayendayenda ngati ana akuno." Azimayi n'kumavomereza, ati mwanayo analeredwa bwino. Kuleredwa kwake kuti! Mwana akunjenjemera, anthu ali kalikiliki kumuyamikira.

Chinawatsegula maso ndi kalata ya kusukulu, mu 2018. Anesu, wa zaka khumi ndi zisanu, anali atajomba milungu isanu. Ankavala yunifomu m'mawa, bambo ake akangotuluka iye n'kudzitsekera m'nyumba. Ati mphunzitsi akamuloza kuti ayankhe, mawu ankamuuma kukhosi, thukuta lili kamukamu. Kalatayo inati akapanda kubwerera mwezi usanathe, sukulu yake yathera pomwepo.

A Givemore anakalipa, anapemphera, anakalipanso. Osathandiza. Mphunzitsiyo ndiye anawapezera mlangizi wa zamaganizo, mayi Chisangalalo, Mmalawi wa kuyunivesite amene ankacheza ndi achinyamata pafoni, uku akuonana. Kupita ku ofesi Anesu sakanatha. Vutolo ati ndi nkhawa yoopa anthu.

"Matenda a azungu awa," anang'ung'udza a Givemore. Komabe foni anapereka. Chipinda chawo chinali chimodzi, kuseri kwa nyumba ya eni ku Alexandra, choncho Loweruka lililonse masana iwo ankatuluka, n'kukakhala pachidebe pafupi ndi mpopi kwa ola lathunthu. Mlungu woyamba kunali zii. Mwana ankangolemba mameseji, kamera atatseka. Wachiwiri anamva kunong'ona, ndipo mtima unawawawa. Mlendo wa m'foni akumuyankhula, bambo ake omubereka ayi!

Loweruka lachitatu Anesu anatsegula chitseko n'kuwakodola.

"Bambo Mbewe, pepani takuvutitsani," anatero mlangizi uja m'foni. "Anesu ali ndi mawu. Chonde musamudule."

Mtsikanayo anazyolika. "Adadi, mukukumbuka chaka chija ankathamangitsa alendo, tinakagona kupolisi? Munandigwira pakamwa mumsewu. Munati ndikayankhula atidziwa kuti sindife akuno, atiwotcha. Munati ndisadzayankhulenso panja."

Ankakumbuka. Munali mu 2008, mwana ali ndi zaka zisanu, utsi uli tolotolo m'misewu. Lamulolo linawapulumutsa tsiku limenelo, ndipo kenako iwo analiiwala. Kulichotsa sanalichotse. Zaka khumi zonsezi ankayamikira mantha amene anadzala okha.

Munthu wamkulu analira pamaso pa mwana wake ndi pa mlendo. "Mwananga, ndinalakwa. Lamulo lija ndalichotsa lero. Yankhula."

"Mutu wanga wamva, adadi," anatero Anesu. "Koma khosi langa silinamve."

"Limva pang'onopang'ono," anatero mlangizi. "Lolemba alowe phunziro limodzi lokha. Limodzi basi."

Lolemba a Givemore sanapite kuntchito. Anamuperekeza wapansi, msewu uli wodzaza ndi matekisi ndi anthu othamangira kuntchito. Ankadziwa kuti ku Joni zothamangitsa alendozi sizitheratu. Komabe pafupi ndi geti la sukulu anaima, anthu akumva, n'kunena mokweza m'Chichewa: "Anesu, uyende bwino, mwananga. Ndikudikira pompano."

Apo m'pamene anazindikira kuti nawonso mawu akuwanjenjemera, ndi kuti zaka khumi zapita asanayankhulepo chinenero chawo mokweza pamsewu. Anthu awiri anacheuka, n'kupitiriza ulendo wawo.

"Chabwino, adadi," anayankha Anesu. Mawuwo anali aang'ono, koma anamveka. Kenako analowa.