Chitenje cha Amayi ndi Khadi la Amalume

Amalume anali ndi khadi lagolide, ndipo kwathu ku Mtendere aliyense ankadziwa, poti munthuyo pakamwa pake panalibe chitseko. Ankakwera ndege pafupipafupi kukapikula zovala kunja, mpaka kampani ya ndege inawapatsa khadilo loti azilowera m'chipinda cha apamwamba pabwalo la ndege. Akayamba kusimba za mipando yofewa ndi buledi wa batala wongodzitengera, ife tinkangomeza malovu. Zinali zaka zija za mizere, kulawirira mzere wa ufa, kuwerukira mzere wa sopo.

Ine ndinali namwino pachipatala chopanda mankhwala. Nditapeza ntchito kunja, amalume anakonza zoti tikwere ndege imodzi, nayamba kundiphunzitsa malamulo ngati katekisimu. Khadi limalola mlendo mmodzi basi, wa ndege yomweyo, ndipo alowe pamodzi ndi mwini khadi. Ukatsala pakhomo, watsala. Anawonjezerapo lawolawo, loti ndisayerekeze kuvala chitenje, ndingawachititse manyazi.

Koma mtima wanga sunali pa batala. Amayi anali atasiya kundiyankhula chiwauzireni za ulendowo. Ankati ndikuwathawa monga anachitira achimwene, amene anapita kukafuna ntchito kumwera osamvekanso. Kwathu mwana sachoka osatsazika: amagwada, kholo n'kumugwira pamutu. M'mawa wa tsiku la ulendo ndinapita kuti ndikagwade, n'kupeza amayi atanyamuka kale kukagulitsa masamba awo a repu kumsika. Zinandipweteka, abale, ndipo ndinapsa mtima. Ndinatuma mng'ono wanga akawauze nthawi ya ndege, akafuna abwere, akapanda kufuna zawo zimenezo.

Pabwalo la ndege tinafika molawirira, chifukwa amalume ankafuna kudya mosathamanga. Titapereka zikwama, anandikoka kuti tikadinditse mapasipoti. Ukadutsa pamenepo, okuperekeza suwaonanso. Ine ndinaima pomwepo.

"Tsogolani, amalume. Ine ndidikira amayi."

Anandinena zambiri. Akuti ndine wakumudzi, akuti mwayi wotere anthu amaulota, akuti mlongo wawo amamudziwa bwino, mutu wake ndi mwala, sabwera. Ine ndi kamwa langali ndinawauza kuti batala wangayo akadye ndi iwo. Analowa okha akung'ung'udza.

Ndinaima pakhomo, maso kumsewu. Galimoto iliyonse ikaima, ndinkasuzumira, n'kutsikamo anthu a eni. Chimkuzamawu chinayamba kuitana ndege yathu, ndipo ndinayamba kuopa kuti amalume ananena zoona.

Kenaka ndinawaona amayi, akutsika kumbuyo kwa kagalimoto ka vaneti, fumbi mpaka m'mawondo. Minibasi inawasiya kumphambano, iwo n'kuyamba wapansi mpaka munthu wachifundo anawatenga. Ndinagwada pasimenti pomwepo, anthu a masuti akundilambalala ndi zikwama zawo.

Za mkwiyo sanatchule. Anandigwira pamutu, dzanja lawo likununkhira masamba a repu, nakhala choncho kanthawi. Atatero anamasula chitenje chawo chapamwamba, chija chothetheka chopitira kumsika, n'kundimanga m'chiuno molimba ngati ndine kamwana.

"Akuti uko kumazizira. Pita, mwanawe, koma uzimveka."

Ndinalira ngati sindine munthu wamkulu. Iwo ndiwo anandikankha kuti ndithamange.

Amalume ndinawapeza pamzere wokwerera ndege. Anayang'ana chitenjecho, nachizindikira, ndipo za manyazi sanazitchule. Anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kabanzi kokulunga m'pepala, batala atalowerera mpaka kunja. Munthu wa khadi lagolide, kuzembetsa banzi!

"Wabweradi?" anafunsa chapansipansi.

Ndinavomera ndi mutu. Iwo anatembenukira kuwindo n'kuyamba kupukuta magalasi awo, ngakhale anali oyera.

Chipinda chijacho sindinalowemo tsiku limenelo. Banzi ndinadyera m'ndege, ndipo chitenje sindinachivule mpaka ndinafika. Nditangotsika, ndisanamwe ndi madzi omwe, ndinafunsa kumene kuli lamya, ndinaimbira kugolosale yoyandikana ndi kwathu kuti akawauze amayi kuti ndafika bwino.