Hotela Imene Anagonamo Mayi Kunja

Atelala apakona paja mukuwadziwa: mayi wamfupi, magalasi omanga ndi ulusi, tepi yoyezera ili m'khosi ngakhale popita kumpopi. Amuna awo pomwalira anawasiyira ana awiri, makina opalasa ndi mapazi, ndi mlamu wapakamwa ngati lumo. Ana anakula, makina akusokabe, koma mlamuyo ndiye sanathe mphamvu.

Mlamuyu timamutcha Mayi Kunja. Anakwerapo ndege kamodzi kokha, kalekale. Iwo amati anaitanidwa, ena amati anakalera ana a bwana wina. Chibwerereni, chiganizo chilichonse chimayamba ndi "kunja kuja". Pabalaza pawo panali chithunzi chachikulu: iwo ataima pageti lagolide, mikango iwiri yamwala uku ndi uku, kumbuyo chinyumba choyera chadenga lozungulira ngati dzira.

"Iyi ndi hotela imene ndinkagona," ankatero. "Bata lake! Simungamve mlendo ngakhale kutsokomola."

Chimene chinawatupitsa mtima atelala ndi ukwati wa mwana wawo wamkazi. Diresi anasoka okha mpaka maso kufiira. Tsiku lake litafika, Mayi Kunja anakhala patebulo lakutsogolo, pampando wa make mkwatibwi.

"Mlamu, mafoloko awa akusokonezani," anatero. "Zisiyireni ife oyenda. Inu kaoneni mapoto."

Atelala anapita kumapoto. Koma musaganize kuti anakhululuka. Kuyambira pamenepo, Mayi Kunja akabwera kudzayesa diresi, phini inkawabaya m'nthiti, atelala n'kumati, "Pepanitu mlamu, maso."

Ndiye chaka chatha mwana wamwamuna naye anapeza mbeta, Mayi Kunja n'kulengeza kale kuti mpando uja ndi wawonso. Mwamwayi, mwana wamkazi uja, amene ndi namwino kunja, mumzinda womwewo umene azakhali ake ankautama, anachira ndipo anaitanitsa mayi ake kuti akaone mdzukulu.

Tsiku lina namwinoyo anawakweza basi yopanda denga kuti aone mzinda. Atelala analibe nazo ntchito zinyumba zazitali. Ankangoyang'ana masiketi a azimayi mumsewu n'kumadandaula mipendero yokhota. Basi itaima, anatsika, n'kuuma pomwepo. Geti lagolide. Mikango iwiri, wina wobenthuka khutu ngati wa pachithunzi.

"Iwe, si hotela ya azakhali ako iyi?"

Mwana uja, amenenso kanali koyamba kufikako, anawerenga chikwangwani, n'kugwira pakamwa.

"Amayi, ano ndi manda. Manda a mafumu."

"Bwerezanso."

"Manda, amayi!"

Atelala, amene amadandaula mawondo pamasitepe, tsiku limenelo analowa akuthamanga. M'katimo munali mozizira, mabokosi amwala ali ndondondo, pamwamba pake mafumu osema atagona chagada, manja pachifuwa. Wolondolera alendo ankalankhula monong'ona.

"Tamufunse bamboyo ngati muno mumagona anthu."

Namwino anafunsa. Bamboyo anati amagonamo ndi omwewo, ndipo palibe anadzukapo. Atelala anaseka mpaka mlonda anawaloza ndi chala. Anajambulitsa pageti, dzanja m'chiuno ngati mlamu wawo. Anajambulitsanso atatsamira bokosi la mfumu yandevu, ndi pachikwangwani, kuti wina asadzati n'zopeka.

Atabwerako sanauze munthu. Ankangopalasa makina akuimba, ife n'kumadabwa kuti kodi mayiyu wapeza mwamuna kunjako?

Msonkhano wa ukwati unachitikira pabalaza pa Mayi Kunja, pansi pa chithunzi pomwe. Amalume, azakhali, akuchikazi, onse analipo.

"Kutsogolo ndikhala ine monga mwa kale," anayamba eni nyumba. "Kunja kuja..."

"Eya, mwandikumbutsa mlamu," atelala anadula. "Kuhotela kwanu ndinafikako. Anzanu akupatsani moni."

Anatulutsa foni n'kupatsa amalume. Amalume anayang'ana foni, kuyang'ana kukhoma, kuyang'ananso foni. Anawerenga chikwangwani chija mokweza, n'kumasulira bwinobwino kuti ngakhale ogontha amve.

"Bata lija ndaliona ndithu," anatero atelala. "Koma tandiuzani, inu munkagona bokosi liti? La mfumu yandevu, kapena anakufinyani kwa akazi ake?"

Amalume anatsamwa ndi tiyi. Mayi wina wakuchikazi anasuntha mpando wake kutalikirana ndi eni nyumba. Mayi Kunja anati mwina anamanga mandawo pambuyo pake.

"Mafumuwo agonamo kuyambira agogo a agogo anu asanabadwe, mlamu. Inu ndiye munawapeza."

Paukwati atelala anakhala kutsogolo, tepi itasiyidwa kunyumba koyamba m'moyo wawo, foloko ataigwira ngati sizasi. Palibe anawadzudzula. Mayi Kunja anakhala kufupi ndi chitseko cha kukhitchini. Chakudya chitafika, atelala anakodola woperekera mbale, n'kumupatsa foloko yowala bwino.

"Kapatseni mlamu wanga uyo. Muwauze kuti akamaliza, akaone mapoto."