Dzina Limene Mayi Dila Sanalitchule

Theka la anthu a m'mudzi mwathu, kumapiri a ku Albania, tinabadwira m'manja mwa mzamba wathu, mayi Dila. Pakhomo pakabadwa mwana, khofi woyamba ankamwa ndi iwo, ndipo ulemuwo unkawakomera.

Kenaka boma linatumiza namwino wachitsikana, Majlinda, ndi sikelo ndi katemera. Amayi oyembekezera onse anakhamukira kwa iye.

"Kamwana kosadziwa n'komwe ululu wa pobereka kakuuzani chiyani?" ankatero mayi Dila ali pampanda, azimayi akudutsa.

Chinawabaya mtima n'chakuti mpongozi wawo nayenso anakachirira kuchipatala kwa namwinoyo. Khandalo linabadwa masiku osakwana, koma Majlinda analisamalira mpaka linanenepa. Pothokoza, makolo ake analitcha Majlinda.

"Amayi, musakwiye, ndi dzina chabe," anawapepesa mwana wawo Ndue, bambo wa khandalo.

"Dzina chabe? Ndabereketsa mudzi wonse ine. Tandionetsa ka Dila ngakhale kamodzi!"

Mdzukuluyo mayi Dila ankamukonda kwambiri. Ankamulukira masokosi ndipo sankalola kuti wina amukalipire. Koma mpaka imfa yawo sanatchulepo dzina lake. Ankangomuitana kuti "iwe wanga."